Kamng'alu ka pa paipi kakusaukitsa eni galimoto ku Mandimba

Pa siteji ya ku Mandimba, pomwe machapa opita ku Cuamba, ku Lichinga ndi kuchipata cha Chiponde amadikirira anthu, sipalephera kupezeka galimoto imodzi yomwe dalaivala wake sachotsa phazi pa moto ngakhale itaima. Akangoti achotse phazilo, injini imayamba kunjenjemera, kutsokomola kawiri katatu, kenaka zii. Ikakhala pamsewu ikuthamanga palibe angadziwe kuti ikudwala, koma ikangofika pomwe apolisi aimitsa kapena pomwe munthu akutsika, matenda aja ayambiranso.

Mwini galimoto yotere nthawi zambiri amayamba ndi kugula mapulagi. Zikakanika amasintha sefa ya petulo, kenaka pampu, uku akudzudzula anyamata ogulitsa petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu kuti adamuthirira wosakaniza. Zitsulo zina zimachita kuitanitsidwa ku Nampula kapena ku Limbe, ndipo masiku onse odikirawo galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, osabweretsa ngakhale metikali imodzi. Ndalama zitatha m'pamene makaniko wodekha amamasula chipaipi chakuda cha mphira chochokera ku bokosi la sefa ya mpweya, n'kuchitembenuza, n'kupeza kamng'alu kunsi kwake komwe maso sadali kufikako.

Vutoli amakaniko amati injini ikuba mpweya. Ndi limodzi mwa matenda otchipa kuchiza pa galimoto, komanso ndi limodzi mwa matenda omwe amapha injini msanga m'dera la fumbi ngati lino akapanda kuonedwa.

Injini imadya mpweya kuposa mafuta

Ambiri amaganiza kuti chakudya cha injini ndi mafuta okha, pomwe zoona zake n'zakuti mpweya ndiwo umalowa wambiri. Kuti petulo apse bwino pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Izi zikutanthauza kuti lita imodzi ya petulo imafuna malita pafupifupi 9,000 a mpweya, omwe ndi madiramu 45 aja a malita 200. Mpweya wonsewu uyenera kulowera khomo limodzi, kusefedwa, ndi kuwerengedwa kuti petulo athiridwe wolingana nawo.

Njira yake ndi iyi: umalowa m'bokosi la sefa, n'kudutsa m'chipaipi cha mphira chokhala ndi makwinya ngati khosi la fulu, n'kufika pa kachitseko komwe kamatseguka dalaivala akaponda moto. Kuchoka apo umagawikana m'manifodi kupita ku silinda iliyonse. Pa manifodipo pamalumikizidwanso timapaipi tingapo, tina tating'ono ngati chala cha mwana, ndipo paipi yokulirapo imapita ku chimphika chakuda cha mabuleki chomwe chili kutsogolo kwa dalaivala. Paliponse pomwe pali cholumikizira m'njira imeneyi ndi pomwe mpweya wakuba ungalowere.

Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti galimoto imadwala ikaima, n'kuchira ikathamanga. Chifukwa chake sichovuta. Injini ikamalira galimoto itaima, zomwe amakaniko a ku Malawi amati idling pomwe a mbali ino amati ralenti, kachitseko kaja kamakhala kotseka pafupifupi konse, koma mapisitoni amakhala akukokabe. Mkati mwa manifodi mumakhala kukoka kwamphamvu, monga momwe masaya amaloweramo munthu akamayamwa bango lotsekeka. Nthawi imeneyi mpweya wolowera pakhomo ndi wochepa, choncho wolowera pa kamng'alu umasokoneza muyeso wonse. Dalaivala akaponda moto, kachitseko kamatseguka, kukoka kuja kumachepa, ndipo mpweya wakuba umamira mu unyinji wa mpweya wolowa bwino.

Si galimoto zonse zimaonetsa zizindikiro zofanana, ndipo apa m'pomwe amakaniko ena amasochera. Injini zonga 1NZ-FE, yomwe ili mu Probox, Sienta ndi Corolla zambiri zochokera ku Japan, zili ndi sensa yotchedwa MAF pafupi ndi bokosi la sefa. Sensayi imawerenga mpweya wodutsa n'kuuza kompyuta. Mpweya wolowera kuseri kwake kompyuta siudziwa, ndiye imathira petulo wochepa, injini n'kumanjenjemera kapena kuzima. Koma injini zakale pang'ono zonga 4A-FE ndi 5A-FE za mu Corolla za m'ma 1990 zimayeza kukoka kwa m'manifodi ndi sensa ya MAP. Pa izi mpweya wakuba umaonjezeredwa petulo wake, ndiye m'malo mozima injini imangolira mokweza, ngati wina akuponda moto pang'ono. Injini yotentha yomwe imayenera kulira pakati pa 650 ndi 850 pa wotchi ya maulendo ake imapezeka ili pa 1,200 kapena kupitirira, nthawi zina n'kumakwera n'kutsika yokha.

Pa galimoto za kabuleta, monga Hilux ndi Hiace zakale za injini ya 3Y kapena 4Y, chizindikiro chodziwika n'chakuti injini imafuna choko ngakhale itatentha, ndipo sikulu yosinthira muyeso wa petulo imaleka kumvera. Munthu amapotokola sikuluyo uku ndi uku koma kaliridwe sikasintha. Pali chinanso chomwe chimanamiza madalaivala a msewu wa N13. Cuamba ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 600 kuchokera pa nyanja yamchere pomwe Lichinga ili pamwamba pa mamita 1,300. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, choncho kabuleta imapereka petulo wochulukirapo poyerekeza ndi mpweyawo, ndipo galimoto yakuba mpweya pang'ono imatha kuoneka ngati yachira ikafika ku Lichinga. Ikatsikira ku Cuamba matenda aja n'kubwerera, mwini wake n'kuyamba kunena kuti petulo wa ku Cuamba ndi woipa.

Chifukwa chake vutoli lakula kuno

Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi Massangulo mpaka ku Lichinga ndi wotalika makilomita pafupifupi 300. Kwa zaka zambiri nkhondo itatha mu 1992 msewuwu udali wafumbi m'chilimwe ndi wamatope m'dzinja, ndipo omwe adali kulimba mtima kuuyenda adali a Land Cruiser ndi malole. Njanji ya pakati pa Cuamba ndi Lichinga idatsegulidwanso mu 2016, ndipo msewu nawo tsopano uli ndi phula lomwe lidaikidwa ndi thandizo la African Development Bank ndi dziko la Japan. Phulali lakopa galimoto zing'onozing'ono zogwirapo kale ntchito, zomwe zidapangidwira misewu yosalala ya ku Japan ndipo zimafika kuno mphira zake zitakalamba kale.

Koma ndalama za galimoto sizili pa phula pokha. Fodya, soya, nandolo, thonje ndi chimanga zili kumidzi ya ku Mitande, Itepela ndi madera ena otero, ndipo nsomba zili ku nyanja ya Amaramba. Kumeneko misewu ikadali yadothi, yamabampu ondondozana ngati malata. Kuyambira mu June mpaka mvula yoyamba, galimoto yotsatira inzake pambuyo imapuma fumbi lokhalokha. Kugwedezeka kumamasula makalampu, kutentha kwa mu October kumaumitsa mphira, ndipo nthunzi ya oilo imafewetsa timapaipi mpaka kufufuma n'kuvuka tokha. Mphira zomwe injini imakhalapo zikatha, injini imayamba kutukuka nthawi iliyonse galimoto ikunyamuka, ndipo kutukukako kumakoka chipaipi chamakwinya chija mpaka kung'ambika. Galimoto yomwe imafuna kuzima pomwe ikunyamuka kumene, kenaka n'kudzidzimuka, kawirikawiri vuto lake ndi limeneli: injini ikatukuka mng'alu umayasama, ikabwerera umatsekeka.

Manja a anthu nawo ali ndi mlandu. Pali chizolowezi chotsegula bokosi la sefa m'mawa uliwonse n'kumenyetsa sefayo pa tayala kuti fumbi lichoke. Cholinga n'chabwino, koma timakoko totsekera bokosi timathyoka, mphira ya m'mphepete mwa sefa imaphwanyika, ndipo bokosi limathera pomangidwa ndi waya. Ena amapopera sefa ndi mpweya wamphamvu wa kompuresa mpaka pepala kubooka timabowo tosaoneka, ndipo ena amafika poichapa ndi madzi kapena petulo. Sefa yapepala ikachapidwa yatha ntchito, ngakhale ioneke yoyera bwanji. Makoswe nawo, makamaka pa galimoto zogona pafupi ndi nkhokwe, amakonda kutafuna timapaipi ndi kumanga zisa m'bokosi la sefa.

Tsono kuba mpweya kuli ndi zoipa ziwiri zosiyana. Choyamba ndi chija chosokoneza muyeso, chomwe chimamveka msanga. Petulo akachepa injini imatentha mkati, mapulagi amayera mbuu, ndipo pakapita nthawi mavavu a silinda yoyandikana ndi mng'alu amatha kupsa. Chachiwiri sichimveka konse, ndipo ndicho choopsa. Mpweya wolowera pa mng'alu sudutsa pa sefa. Fumbi la m'misewu yadothi lili ndi timchenga tolimba kuposa chitsulo cha m'silinda, ndipo likasakanikirana ndi oilo limasanduka ngati phala lonolera mavavu. Limadya malingi a mapisitoni ndi makoma a masilinda tsiku ndi tsiku. Mwini galimoto amadzazindikira oilo atayamba kuchepa, utsi wobiriwira ukutuluka ku ekizosi, ndipo m'mawa injini ikufuna kukankhidwa. Pamenepo nkhani si ya paipi ayi, ndi ya kuphwasula injini yonse.

Momwe makaniko wabwino amafufuzira

Chida choyamba ndi maso ndi zala, injini itazima ndi kuzizira. Makaniko amamasula chipaipi chachikulu n'kuchichotsa, osangochiyang'ana chili pomwepo, chifukwa ming'alu imabisala kunsi ndi m'kati mwa makwinya. Amachipinda uku ndi uku pa dzuwa. Kenaka amapisa chala kapena kansalu koyera mkati mwake. Mbali imeneyi ya kuseri kwa sefa iyenera kukhala yopanda fumbi. Kansalu kakatuluka kofiira, kapena chala chikamva timchenga, ndiye kuti penapake pakulowa fumbi, ngakhale injini ikulira bwino. Nthawi zambiri fumbilo limasiya kanjira kooneka kochokera pomwe likulowera.

Akatero amatsata timapaipi tonse tochokera pa manifodi kamodzikamodzi mpaka komwe kathera. Kapaipi kabwino kamapindika n'kubwerera. Kouma gwa kapena kofewa ngati chingamu ndi kotha. Ming'alu imakonda kumapeto, pomwe kapaipi kavala chitsulo. Sayenera kuiwala paipi ya PCV, yomwe imachotsa nthunzi pamwamba pa injini kupita ku manifodi, chifukwa ndiyo imaola msanga kaamba ka oilo. Pa injini za MAF, ngakhale chitsekerero cha pothirira oilo chopanda mphira yake, kapena ndodo yoyezera oilo yosalowa bwino, zimalowetsa mpweya wosawerengedwa kudzera njira yomweyi.

Chida chachiwiri ndi khutu. Injini ikulira, mpweya wakuba umachita kamluzu kapena kaphokoso ka tsiii. Poti phokoso la injini ndi lalikulu, makaniko amatenga paipi yotalika ngati mkono, mbali ina pa khutu, mbali ina n'kumayendetsa m'mbali mwa manifodi ndi pa zolumikizira. Pomwe pali bowo kaphokosoko kamamveka mwadzidzidzi. Apa m'pofunika kusamala malaya ndi zala, chifukwa malamba akuzungulira ndipo fani ya magetsi imadzuka yokha osachenjeza. Njira ina ndi kufinya kapaipi kalikonse ndi pulayala yokulungidwa nsalu. Kapaipi komwe kakafinyidwa injini n'kukhazikika, ndiko kali ndi vuto, kapena chinthu chomwe kakupitako ndicho chabooka.

Gasiketi ya pakati pa manifodi ndi mutu wa injini siioneka, ndiye imafuna njira ina. Makaniko amathira madzi m'kabotolo kobooledwa pa chitsekerero n'kumafayira pang'onopang'ono m'mphepete mwa gasiketi. Madzi akafika pa bowo amayamwidwa kapena kulitseka kwa kanthawi, ndipo kaliridwe ka injini kamasintha. Ena amagwiritsa ntchito mankhwala a m'chitini otsukira kabuleta, omwe akayamwidwa injini imakweza mawu. Njirayi imagwira, koma mankhwalawo amayaka. Kathetheka kamodzi kochokera pa waya wa pulagi wong'ambika, kapena ekizosi yotentha, n'kokwanira kuyatsa galimoto. Wochita izi ayenera kukhala panja, injini isanatenthe, chozimira moto kapena chidebe cha mchenga chili pafupi. Chizolowezi cha anyamata ena chodontheza petulo weniweni pa injini yolira n'chosafunika kuchilekerera pa galaja iliyonse. Gasiketi yotha ilinso ndi khalidwe lake: imavuta kwambiri m'mawa kukuzizira, monga mu June ndi July ku Ngauma, kenaka injini ikatentha zitsulo n'kufufuma, bowo limachepa ndipo galimoto imakhala ngati yachira.

Njira yomwe siinama ndi ya utsi. Magalaja akuluakulu ali ndi makina ake, koma nzeru yake ndi yapafupi. Injini itazima ndi kuzizira, makaniko amatseka kukamwa kwa chipaipi chachikulu ndi pulasitiki, n'kulowetsa utsi kudzera pa kapaipi kamodzi ka pa manifodi. Utsi umadzaza njira yonse n'kutulukira paliponse pomwe pali bowo. Ena amapanga chitini chokhala ndi timapaipi tiwiri, mkati muli kansalu kofuka, n'kumapopa ndi pampu ya njinga. Kupopako kukhale kwapang'ono, chitinicho chikhale kutali ndi petulo, ndipo sensa ya MAF ichotsedwe kaye chifukwa kawaya kake ndi kosachedwa kuda.

Pomwe pali makina owerengera kompyuta ya galimoto ntchito imafupika. Njira ya OBD-II idakhazikitsidwa pa galimoto zogulitsidwa ku America kuyambira mu 1996, ndipo lero kachipangizo kolumikiza ku foni kamapezeka mosavuta, ngakhale kuti galimoto zina zakale zopangidwira msika wa ku Japan zimakana kulankhula ndi totchipa. Nambala ya P0171 imatanthauza kuti petulo akuchepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo P0507 imati injini ikulira mokweza kuposa muyeso. Koma nambala siitchula chitsulo chogula. Ambiri akaona P0171 amathamangira kusintha sensa ya ku ekizosi, pomwe sensayo ndi mboni chabe yomwe yanena zoona.

Chofunika kuwerenga ndi chiwerengero cha petulo yemwe kompyuta ikuonjezera, chotchedwa fuel trim. Chikapitirira 10 peresenti galimoto itaima, kenaka n'kutsikira kufupi ndi ziro injini ikakwezedwa kufika pa 2,500, wakubayo ndi mpweya wa pa manifodi. Chikakhala chabwino poima koma n'kumakwera injini ikakwezedwa, makaniko ayang'ane kwina: pampu yofooka, sefa ya petulo yotsekeka kapena MAF yakuda. Kuyesa kumeneku sikutenga mphindi zisanu, koma kumasiyanitsa paipi ndi pampu, zomwe mitengo yake ili kutali ngati nkhuku ndi ng'ombe. Amakaniko akale omwe ali ndi wotchi yoyezera kukoka kwa manifodi amadziwa kuti injini yabwino imaonetsa pakati pa 17 ndi 21 pa muyeso wa mainchesi kumalo otsika, ndi kuti muviwo umatsika ndi inchesi imodzi pa mamita 300 aliwonse okwera. Muvi wokhala pansi osagwedezeka umaloza ku mpweya wakuba kapena ku taimingi yochedwa.

Pali paipi imodzi yomwe nkhani yake si ya ndalama chabe. Chimphika cha mabuleki chija, busita, chimadalira kukoka kwa manifodi kuti phazi la dalaivala likhale ndi mphamvu. Paipi yake ikang'ambika, kapena chikopa cha mkati mwa busita chikabooka, buleki imalimba ngati mwala ndipo galimoto imafuna mtunda wautali kuti iime. Chizindikiro chake ndi kaphokoso ka mpweya pansi pa chiwongolero ndi kusintha kwa kaliridwe ka injini buleki ikapondedwa. Kuyesa kwake dalaivala aliyense angathe: injini itazima aponde buleki kanayi kapena kasanu mpaka ilimbe, asiye phazi pomwepo, alize injini. Chopondera chiyenera kutsika pang'ono chokha. Chikapanda kutsika, galimotoyo siyoyenera kunyamula anthu, makamaka yomwe ikadutsa Chiponde ikatsike mapiri a Namwera kulowera ku Mangochi.

Za dizilo ndi njinga zamoto

Galimoto zambiri zonyamula katundu m'derali, monga Canter, Dyna, Land Cruiser ya injini ya 1HZ ndi Hiace ya 5L, ndi za dizilo, ndipo pa izi nkhani imasintha. Injini zakale za dizilo sizikoka mwamphamvu m'manifodi monga za petulo, ndipo mphamvu yake imayendera dizilo wothiridwa. Choncho chipaipi chikang'ambika injini siinjenjemera, siizima, siidandaula. Imangomeza fumbi mwakachetechete mpaka malingi kutha. N'chifukwa chake kansalu koyera kaja n'kofunika koposa pa lole yomwe imakhala kuminda nyengo yonse yogula mbewu. Mabuleki a galimoto zotere amakokedwa ndi kapampu kapadera, komwe pa zambiri kali kumbuyo kwa alitaneta, ndipo paipi yake iyeneranso kuonedwa.

Pa dizilo wa tebo, monga Hilux ya 2KD, pali mbali ziwiri. Bowo la pakati pa sefa ndi tebo limalowetsa fumbi lomwe limayamba ndi kudya timapiko ta teboyo. Bowo la kutsogolo kwa tebo limachita zosiyana: mpweya sulowa koma umathawa, chifukwa mbali imeneyo uli wopanikizidwa. Galimoto imafooka pa chitunda, imatulutsa utsi wakuda, ndipo imaliza mluzu dalaivala akaponda moto. Pomwe mpweya ukuthawira pamakhala ponyowa ndi oilo wogwira fumbi. Apa m'pomwe madzi a sopo amathandiza, popeza amachita thovu pa bowo. Ku mbali yokoka sopo sachita thovu, ndipo ambiri amataya nthawi kumufunafuna. Asanapereke pampu ya dizilo kapena manozo kuti akakonzedwe ku Nampula, mwini galimoto ayambe waona mapaipi amenewa.

Njinga zamoto zonga Lifo, zomwe zadzaza m'misewu ya mbali zonse ziwiri za malire, zili ndi matenda omwewa pa kamphira kolumikiza kabuleta ndi injini. Kakang'ambika njinga imavuta kuliza, imachedwa kutsitsa mawu woyendetsa akasiya moto, ndipo imatentha msanga.

Kukonza kwake

Bowo likapezeka, mankhwala ake enieni ndi kusintha chomwe chatha. Malegeni ndi tepi zili ndi malo ake: munthu yemwe paipi yamung'ambikira pakati pa Itepela ndi Massangulo dzuwa likulowa achita bwino kumanga n'kufika kunyumba. Cholakwika n'chakuti chomangira cha tsiku limodzi chimakhala chaka. Malegeni akatenthedwa ndi kunyowa oilo amamasuka, ndipo fumbi limalowera m'mphepete mwake injini ikulirabe bwino. Paipi yakale yogula kwa ophwasula galimoto iyenera kupindidwa ndi kuunikidwa monga momwe idaunikidwira yochotsedwayo, chifukwa zaka zake n'zofanana. Ngati chidang'amba paipi ndi kutukuka kwa injini, mphira zokhalira injini zisinthidwe nthawi yomweyo, apo ayi yatsopanoyo ing'ambikanso pomwepo.

Timapaipi tating'ono timagulidwa pa mita ndipo n'kwanzeru kusintha tonse tokalamba, koma kamodzikamodzi, kuchotsa kamodzi n'kubwezera kamodzi. Wozula tonse nthawi imodzi amatha tsiku akufunsa kuti aka kadali pati. Galimoto zambiri zili ndi chithunzi cha njira za timapaipiti kunsi kwa boneti. Paipi ya busita isalowedwe m'malo ndi paipi yamadzi kapena yothirira m'dimba, chifukwa yotere imaphwatalala ikakokedwa, ndipo kavavu kake kolola mpweya mbali imodzi kabwezeredwe moyang'ana komwe kadali. Waya sungalowe m'malo mwa kalampu: umadula mphira ndipo sufinya mofanana kuzungulira.

Gasiketi ya manifodi imafuna kudekha. Nkhope zonse ziwiri zipalidwe bwino, mabowo a injini atatsekedwa ndi nsalu kuti zinyalala zisagweremo, ndipo nsaluzo ziwerengedwe pochotsa. Gasiketi yodula pa katoni ya sopo imanyala ikatenthedwa. Ngati yeniyeni palibe, pali pepala lake la magasiketi lomwe limagulitsidwa m'masitolo a zitsulo. Silikoni wamba si wa pamenepa, chifukwa petulo amamusungunula, zidutswa zake zimayamwidwa m'injini, ndipo nthunzi ya mitundu ina imaononga sensa ya ku ekizosi. Mabawuti amangidwe kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, maulendo awiri kapena atatu. Manifodi ya 1NZ-FE ndi yapulasitiki, ndipo mnyamata wa sipanala wofuna kuonetsa mphamvu amaiswa kapena kuipinda, bowo n'kukula kuposa poyamba. Pa kabuleta, makaniko aonenso gasiketi ya pansi pake ndi kamtengo ka kachitseko, komwe kakadyeka kamagwedera n'kulowetsa mpweya m'mbali.

Ntchito siithera pomanga bawuti womaliza. Pafupifupi galimoto iliyonse yomwe yakhala ikuba mpweya idapotokoledwapo masikulu ndi wina wofuna kubisa vutolo, choncho bowo likatsekedwa injini imalira mokweza kapena kununkha petulo, ndipo iyenera kutchunidwanso itatentha. Pa za kompyuta, nambala zakale zifufutidwe, galimoto iyendetsedwe makilomita angapo, kenaka chiwerengero cha petulo woonjezera chiwerengedwenso kuti chioneke ngati chatsika. Ngati m'chipaipi mudapezeka fumbi, oilo ndi sefa yake zisinthidwe tsiku lomwelo, ndipo makaniko ayeze kupanikiza kwa silinda iliyonse kuti mwini galimoto adziwe momwe malingi atsalira asanatenge ngongole yodalira galimotoyo. Pakatha sabata ikuyenda m'fumbi, chipaipi chija chimasulidwenso ndipo kansalu koyera kapisidwe kachiwiri.